Kodi abambo a m'nkhani za makauboyi amakonda mwana kapena ng'ombe?

Tsamba9:

Anzanga okonda mabuku ndi mafilimu a makauboyi tandithandizeni apa. Mu Lonesome Dove ya Larry McMurtry, buku lonenepa lija la 1985, Captain Call amadziwa bwinobwino kuti Newt ndi mwana wake, anthu ambiri pa ulendowo akudziwa, Gus, mnzake wa Call, mpaka anachita kumuuza mnyamatayo, koma bamboyo kuchokera ku Texas mpaka kukafika ku Montana ndi ng'ombe zija pakamwa pake sipanatulukepo mawu oti mwana wanga. Kumapeto akumupatsa hatchi yake, akumupatsa wotchi ya bambo ake, akumusiyira ng'ombe kuti aziyang'anira, dzina lokha ayi. Kenako munthu yemweyo akunyamula mtembo wa Gus kubwerera nawo ku Texas, ulendo wa miyezi, eti chifukwa analonjeza. Nde wakufa ukumusungira lonjezo, wamoyo wa magazi ako ukumusiya wopanda dzina?

Mu filimu ya Red River ya 1948 ndi chimodzimodzi. Dunson, yemwe ndi John Wayne, analera Matt kuyambira ali kamnyamata kamasiye, koma tsiku lomwe Matt wamulanda ng'ombe akulumbira kuti akampeza amupha. Anthu amati nkhanizi ndi za kukhulupirika pa banja, ine ndikuona ngati ndi kukhulupirika pa ng'ombe basi. Kapena pali chomwe chikundidutsa?

MalumeWaMabuku:

Mphwanga funso lako ndi labwino koma uyambe kaye wadziwa kuti ng'ombezo zinali chani kwa anthu amenewo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kunali ng'ombe za nyanga zitalizitali zija mbwee, zina zongoyenda m'tchire zopanda mwini, koma ndalama kunalibe. Ng'ombe yomwe kumeneko inali ya madola 4 kumpoto imatha kugulidwa pa madola 40. Vuto linali loti njanji yochokera kumpoto inali isanafike ku Texas. Mu 1867 Joseph McCoy anamanga makola pafupi ndi njanji ku Abilene, Kansas, ndipo chaka chomwecho ng'ombe pafupifupi 35,000 zinakwera sitima kuchokera pamenepo. Njira yake ndi ija amati Chisholm Trail. Gulu limodzi limakhala la ng'ombe 2,000 kapena 3,000, anthu oziyendetsa khumi kapena khumi ndi awiri, kuphatikizapo kapitawo, wophika ndi ngolo yake, ndi mnyamata wosamala mahatchi. Patsiku amayenda mamailosi 10 mpaka 15 okha, osathamanga, chifukwa ukazithamangitsa zifika zitawonda ndipo wogula akudyera masuku pamutu. Miyezi iwiri kapena itatu uli m'fumbi.

Nde taganiza, Dunson wagwira ntchito zaka 14 kuti akhale ndi ng'ombe zimenezo ndipo m'thumba mulibe kanthu. Gulu limenelo ndi moyo wake wonse, ndi chuma chomwe akufuna kudzasiyira Matt yemweyo. Kwa iye kukonda mwana ndi kufikitsa ng'ombe ku msika ndi chinthu chimodzi, sangazilekanitse. Nchifukwa chake Matt atazitenga nkulowera nazo ku Abilene mmalo mwa ku Missouri komwe mkuluyo amafuna, Dunson anaona ngati mwana wamuika m'manda akadali moyo.

Koma chinthu china chomwe ambiri sadziwa, pa maulendo enieniwo zachibale zinali zochepa. Anali anyamata aganyu, ambiri achichepere, olandira madola cha m'ma 30 pamwezi, akafika ku Kansas alandira zawo, ena amwera zonse, aliyense njira yake. Ukawerenga The Log of a Cowboy ya Andy Adams ya 1903, yemwe anayendetsapo ng'ombe yekha, upeza mitsinje yosefukira, ng'ombe kubalalika usiku, masiku opanda madzi, nthabwala za pamoto. Za bambo ndi mwana kulimbirana ufumu mulibe. Zimenezo anazilowetsa olemba apambuyo chifukwa ng'ombe kungoyenda miyezi itatu si nkhani yogulitsa magazini. Red River yomweyo inachokera pa nkhani ya Borden Chase yomwe imatuluka pang'onopang'ono mu Saturday Evening Post.

KaLamour:

Aaa achimwene Tsamba9 mwangowerenga abambo ouma mtima okhaokha, tapitani kwa Louis L'Amour mukaone banja la Sackett. Kumeneko ndiye magazi amalankhula. Mu The Daybreakers ya 1960, Tyrel akuwombera munthu wa banja la Higgins yemwe amafuna kupha mkulu wake Orrin, athawa kuchoka ku mapiri a Tennessee awiriwiri, ntchito yoyamba yomwe akupeza ndi yoyendetsa ng'ombe, ndipo maganizo awo onse ndi oti apeze malo amange nyumba akatenge mayi awo. Osati ng'ombe poyamba ayi, mayi. Ng'ombe ndi njira chabe yopezera ndalama.

Nde pali The Sackett Brand ya 1965, mkazi wa Tell Sackett aphedwa ku Arizona, iye yekha akusakidwa ndi gulu lonse la anthu a mfuti, uthenga ungomveka kuti Sackett wina ali pamavuto, basi achibale akuchokera mbali zonse, ena sanaonanepo nkomwe chibadwire, akungodziwa dzina. Ine ndikawerenga pamenepo tsitsi limachita nyaunyau kkkk. Ndikudziwa anthu ophunzira amanyoza L'Amour kuti nkhani zake zonse ndi zofanana, munthu wabwino ndi wabwino mpaka kumapeto, woipa ndi woipa, chabwino, koma pa funso lanuli iye yankho ali nalo. Wachibale satayidwa.

Tsamba9:

KaLamour ndakumvani koma mu The Daybreakers momwemo si mmene muli Tom Sunday? Munthu anayenda nawo, anadya nawo fumbi limodzi, anaphunzitsa Orrin zambiri, kenako nsanje italowa Tyrel yemweyo ndi amene akumuwombera. Nde lamulo lake ndi loti ukakhala si Sackett ulibe chako? Zimenezo ine sizikundikhutitsa, ndi tsankho lovala chipewa chachikulu.

KaLamour:

Tom Sunday anayamba dala amwene, amafuna kupha Orrin. Mumafuna Tyrel atani, amuphikire tiyi?

NaBanda_waZomba:

Abambo inu mwakambirana za abambo anzanu, tandilolani ndilowepo. Funso la Tsamba9 McMurtry analiyankha kale m'bukumo, kungoti analiika pakamwa pa mzimayi. Call atafika ndi bokosi la Gus kwa Clara, chibwenzi chakale cha Gus, ku Nebraska, Clara anamulalatira osamunyengerera, kuti akuvutikira munthu wakufa pomwe mwana wake wamoyo wamusiya kumpoto, ndipo anamupatsa hatchi mmalo momupatsa dzina. Wolembayo sakumuchemerera Call ayi. Chomwe Call akulephera kunena si chifukwa chokonda ng'ombe, ndi manyazi. Mayi ake a Newt, Maggie, anali mkazi woyendayenda, ndipo kuvomera mwanayo kukanakhala kuvomera kuti iyenso Captain wolemekezeka uja, yemwe salakwa, anagogodapo pa chitseko chimenecho. Kuyenda ndi mtembo mpaka ku Texas nkopepuka kwa munthu wotero, aliyense akuona kuti ndi mwamuna wosunga mawu. Kunena mawu awiri kwa mwana nde phiri.

Ndipo ulendo wa mtembowo si wongopeka. Oliver Loving, mnzake wa Charles Goodnight pa bizinesi ya ng'ombe, anavulazidwa ndi a Comanche, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, pa mtsinje wa Pecos nkumwalira ku Fort Sumner, New Mexico mu 1867, ndipo Goodnight anaonetsetsa kuti thupi lake labwerera ku Texas, ali m'manda ku Weatherford. Nde Malume mukamati zachibale zinali zochepa ndikuvomera, koma ubale wa pa njira unalipo weniweni, wa anthu omwe si magazi amodzi.

Pamenepa mpomwe ine mafilimu akalewa amandikwiyitsa. Pakati pa oyendetsa ng'ombe panali anthu akuda ndi a ku Mexico ambiri, luso lenilenilo la chingwe ndi hatchi linachokera kwa ma vaquero, abusa a ng'ombe apahatchi a ku Mexico, koma ukaonera mafilimu a m'ma 1940 ndi 1950 ungaganize kuti ku Texas kunalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Bose Ikard anabadwa kapolo, anayenda ndi Goodnight zaka zingapo, amamusungitsa ndalama za ulendo, ndipo atamwalira Goodnight anamuikira mwala pamanda. Deets wa mu Lonesome Dove, yemwe Danny Glover anasewera mu 1989, anamutengera pa iyeyo. Taonani tsono, Deets atafa Call anakhala pansi nkusema mawu omuyamikira pa thabwa la pamanda. Kwa wakufa mawu amatuluka. Munthu ameneyu amadikira kaye ufe.

Komanso tisaiwale kuti banja lomwe akuliteteza ndi mfutilo lakhala pa malo a eni ake. Kumayambiriro kwa Red River, Dunson akuuzidwa kuti malowo ndi a Don Diego, iye akuwombera mthengayo nkumuika m'manda, akuwerenganso Baibulo pamwamba pake, basi malo asanduka ake. A Comanche ndi a Kiowa omwe ng'ombezo zimadutsa m'dziko lawo analinso ndi ana ndi azimayi awo, koma m'nkhanimo amangooneka ngati mvula yamatalala yogwera ulendo.

MalumeWaMabuku:

Mayi NaBanda mwalasa. Pa Call ndagonja, ndi manyazi ndithu. Koma pa Dunson ndikanakhalabe pomwe ndili, ndipo Tsamba9 uonenso bwino chomwe chinapangitsa Matt kuukira. Sanalande ng'ombe chifukwa cha dyera. Ulendo unali utavuta, ng'ombe zinabalalika usiku chifukwa cha munthu wina wokonda kuba shuga m'ngolo yemwe anagwetsa mapoto, munthu anafa, chakudya chinachepa, anthu anayamba kuthawa, Dunson osagona, kumwa, mpaka akufuna kupachika anthu awiri omwe anagwidwa atathawa. Apo Matt anati ayi. Ndipo atagulitsa ng'ombe ku Abilene cheke chinalembedwa m'dzina la Dunson, osati lake. Kwa ine mwana wokhulupirika m'nkhani zonsezi ndi ameneyo, anakana bambo ake pamaso pa anthu kuti awapulumutse ku misala yawo, kenako anaima osatulutsa mfuti bamboyo akuwombera pafupi ndi mapazi ake. A Sackett kukhulupirika kwawo nkosavuta chifukwa wachibale wawo nthawi zonse amakhala wolungama. L'Amour sawapatsa m'bale wolakwa kwenikweni kuti tione atani naye.

Nthawi yeniyeni ya maulendo a ng'ombewo inali yaifupi, zaka ngati 20 basi. Waya waminga wa Joseph Glidden wa 1874 unatseka madambo, njanji inafika ku Texas, alimi a ku Kansas anatopa ndi matenda a nkhupakupa omwe ng'ombe za ku Texas zimabweretsa mpaka boma lawo linaziletsa mu 1885. Nchifukwa chake nkhanizi zimakonda mkulu wokalamba ndi mnyamata, dziko la mkuluyo likutha iye akuona.

Tsamba9:

Malume za cheke zija ndinali nditaziiwala, zasintha kaonedwe kanga pa Matt. Koma mathero a filimuyo sindiwavomerabe. Munthu walumbira kuti akupha, wakulondola mtunda wonsewo, mwamenyana mpaka kugwera m'ngolo, kenako Tess, mkazi wokonda Matt, angokuwa ndi mfuti m'manja kuti nonse mumakondana, basi mwayamba kuseka ndipo mkuluyo akuti aonjezera M pa chizindikiro chowotchera ng'ombe. Apanso mwana akuvomerezedwa pa chikopa cha ng'ombe osati pakamwa. Ndipo anthu omwe Dunson anawawombera pa njira aja palibe akuwatchulanso.

KaLamour ndiyambe ndi buku liti la a Sackett, ndipo muli limodzi lomwe abale okhaokha ayambana zenizeni?