Makina ochapira akulira ngati chigayo, mmisiri akuti masipeya kulibe, nditani?

Mayi a mapasa: Anzanga pagulu pano ndithandizeni, mutu wandiima. Ndili ndi makina ochapira aja a chitseko chagalasi kutsogolo. Anatumiza ndi achemwali anga pa kontena kuchokera ku UK zaka zitatu zapitazo, ogwirapo kale ntchito koma osamalika bwino. Kuyambira mwezi watha akafika pofinya amalira ngati chigayo, mpaka aneba anabwera kudzafunsa. Dzulo aimiratu, madzi ali tho m'kati pamodzi ndi mayunifolomu a ana, ndipo pa kagalasi pakutuluka zilembo zinazake. Ndinaitana mmisiri, ndamulipira yoyendera, iye wangogwedeza dramu n'kunena kuti makina amasiku ano sakonzeka, masipeya kulibe, ndigule ena. Ndigule ndi chiyani ine, fizi sindinamalize? Chikundiwawa kwambiri n'choti alamu anga amabwera ndi mabulangete akwawo Loweruka lililonse n'kumaponyamo awiriawiri, sopo wanga, mayunitsi anga, madzi anga, ndikalankhula akuti ndine wouma mtima. Mtsikana wantchito naye sapisa m'matumba asanachape, ndamuuza mpaka kutopa. Bambo a kunyumba akungoti ndibwerere ku beseni ngati mayi awo. Kodi n'zoona kuti masipeya sapezeka? Ndili ku Lilongwe.

Wamawaya: Mayi, za alamu tamva, koma dzina la makinawo, nambala ya model ndi zilembo zikutulukazo simunatchule. Popanda zimenezo tonse tikungoombeza. Sitika yake imakhala m'mphepete mwa chitseko mukatsegula, kapena kumbuyo, kapena kuseri kwa kachitseko kam'munsi. Jambulani mutiikire pano. Koma choyamba pulumutsani mayunifolomu. Zulani pulagi. Tsegulani kachitseko kam'munsi, kawirikawiri kamakhala kumanja. Mupeza chotsekera chozungulira, ndiyo sefa ya pampu, ndipo makina ambiri pambali pake pamakhala kapaipi kakang'ono. Tulutsirani madzi m'mbale yosaya pang'onopang'ono kudzera m'kapaipiko. Madzi akatha, masulani sefayo, muchotse makobidi, mabatani ndi timapini ta m'tsitsi. Pisani chala muzungulitse kafani ka pampu, kazidumpha pang'ono koma kasakakamire. Chitseko chimatseguka pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu madzi atatha.

Bambo Twin Tub: Ndanena pagulu pano kangati kuti makina a kagalasi si a kuno? Mmisiri wanuyo sananame. Makina akale mgolo wakunja, wapulasitiki uja dramu imazunguliramo, unkakhala zigawo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Bearing ikatha umamasula, n'kugogoda yakale, n'kuika ina. Ambiri a masiku ano zigawozo anaziwotcherera ku fakitale, palibe bawuti ngakhale imodzi. Bearing ya ndalama zochepa ikatha amafuna mugule mgolo wonse ndi dramu yake, mtengo wake kutsala pang'ono kufanana ndi makina atsopano. Twin tub, ija ya mbali ziwiri, yochapira ndi yofinyira, ili ndi chiyani? Mota yochapira, mota yofinyira, capacitor, lamba, timer yopotokola ndi dzanja, basi. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, sinthani capacitor, nambala yake yalembedwa pathupi pake. Timer ikafa, mawaya ake ndi owerengeka. Mpopi ukauma mumathira madzi ndi ndowa. Magetsi akathima mumatsegula chivundikiro n'kutulutsa zovala zanu, palibe chitseko chokutsekerani mayunifolomu. Gulitsani amenewo kwa ophwasula, mugule twin tub.

Achimwene a ku Malangalanga: Bambo Twin Tub, musawatayitse mayiwa makina musanaone mgolo wake. Si onse owotcherera. Ambiri a LG ndi Samsung mgolo wake umamasuka pakati. Owotchererawo ndi ochuluka pa Indesit, Hotpoint ndi ma Beko ambiri, ndipo poti awa anachokera ku UK mwina ndi amenewo, koma tione kaye. Mayi, uzani mnyamata amasule masikuluwu awiri kumbuyo, akankhire chivundikiro cha pamwamba chakumbuyo, chichoka. Muone msoko wa pakati pa mgolo. Mukaona mabawuti kapena timakilipi tozungulira msoko wonse, mwapulumuka. Mukaona mzere wosalala wosungunula, ndi owotcherera.

Kuti mudziwe ngati ndi bearing, zungulitsani dramu ndi dzanja makina ali ozima. Yabwino imayenda mwakachetechete, yakutha imamveka gudugudu ngati wilibala. Kenako gwirani mlomo wa dramu chakumwamba, muinyamule n'kuitsitsa. Iziyendera limodzi ndi mgolo. Ikamagwedera payokha, zatha. Mukatsegula kumbuyo, onani pansi pa pulley, gudumu lija pamadutsa lamba, mukapeza mkwasa wa madzi adzimbiri ndiye kuti seal, rabala wotchinga madzi, inabooka kale, madzi analowa mu bearing n'kutsuka girisi.

Ndipo ma bearing si a makina ochapira okha ayi. Ndi omwe aja a m'mashopu a masipeya a galimoto ndi zigayo: 6204, 6205, 6206, nthawi zina 6305. Nambala imalembedwa m'mbali mwake. 6205 ndi 25 mm m'kati, 52 kunja, 15 kunenepa. 6206 ndi 30, 62, 16. Amakhala awiri, wamkulu chakudramu, wamng'ono chakumbuyo. Gulani a SKF, NSK kapena Koyo enieni, otseka mbali zonse. Chovuta kupeza ndi seal. Nayo ili ndi nambala, mwachitsanzo 37x66x9.5/12 ya ma LG ambiri. Musaike seal ya galimoto chifukwa choti yalowa, ija inapangidwira oilo, m'madzi a sopo otentha sichedwa kutha. Musasinthenso ma bearing n'kubwezera seal yakale, miyezi ingapo chigayo chibwereranso.

Bambo Twin Tub: Achimwene, inu mumagulitsa ma bearing, ndiye chilichonse kwa inu ndi bearing. Awuzeninso za spider. Kuseri kwa dramu kuli chitsulo cha manja atatu chogwira shaft, ndi cha aluminiyamu. Sopo ndi litsiro zikaunjikana pamenepo chimadyeka, chimayera ngati ufa, dzanja limodzi n'kuthyoka. Zizindikiro zake n'zomwezo, phokoso ndi dramu yopendama. Mungamasule makina onse tsiku lathunthu, mutagula kale ma bearing, n'kupeza spider yathyoka kapena shaft yadyeka pamene seal imakhala. Spider ya model imeneyo muipeza shopu iti mu Lilongwe muno? Ndiyankheni.

Achimwene a ku Malangalanga: N'chifukwa chake timamasula kaye tisanagule kanthu, bambo. Spider imapezeka kwa ophwasula makina akufa, ku Ndirande ndi konkuno alipo, kapena kuitanitsa ku Johannesburg ngati mtundu wake umagulitsidwa kumeneko. Ngakhale mgolo wowotcherera amisiri ena amaudula ndi sowo motsata msoko, asanadule amaboola mabowo mozungulira motalikana ngati zala zinayi, akatha ntchito amapaka silikoni wopirira kutentha n'kumanga ndi timabawuti ta M5. Silikoniyo aume tsiku lathunthu musanathire madzi. Ndi ntchito yofuna dzanja lodekha, ndipo ikalakwika madzi amadonthera pa mota.

Bambo Twin Tub: Mwamva nokha mayi. Sowo ndi silikoni pa makina okoka magetsi ndi madzi limodzi, m'nyumba ya ana. Ine ayi.

Nachisale: Inu abambo mukukangana za zitsulo, funsani sopo amene akuthira. Mayi, ngati mumagwiritsa ntchito sopo waufa wochapira pamanja, ndiye akupha makinawo. Uja amachita thovu lambiri, makina otsegula kutsogolo amafuna wolembedwa Auto kapena Automatic, ndipo muyezo wake usapitirire wolembedwa pa paketi. Thovu likachuluka pampu imapopa mpweya, makina amaganiza kuti madzi akadalimo, n'kukana kufinya. Komanso kuchapa ndi madzi ozizira masiku onse kumasiya chiphalaphala kuseri kwa dramu, chomwe chimadya spider akunenayo. Kamodzi pamwezi yendetsani makina opanda zovala pa madzi otentha madigiri 60 kapena 90. Za alamu anuwo, bulangete lalikulu likanyowa limalemera kwambiri pa makina a 6 kapena 7 kg, awiri pamodzi ndiye kuthyola dala. Vuto ndi inu amene mukuchita nawo manyazi. Makina anu, nenani.

Mlongo wa ku Leeds: Kunena kuti masipeya kulibe n'kukokomeza. Ku EU kuli lamulo lomwe linayamba mu March 2021, ndipo UK inatsatira mu July chaka chomwecho, lokakamiza opanga makina ochapira kusunga masipeya kwa zaka 10 model ikasiya kugulitsidwa, ndi kuwatumiza pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Chitseko, mahinji, rabala wa pachitseko, loko ndi kabati ya sopo azigulitsa kwa aliyense. Mota, pampu, ma shock, elementi yotenthetsa madzi, bodi yoyendetsa makina, dramu ndi ma bearing lamulo limangowakakamiza kugulitsa kwa amisiri, ngakhale kuti masitolo a masipeya a pa intaneti kuno amagulitsa zambiri mwa izo kwa aliyense. Achemwali anu omwe anatumiza makinawo angathe kugula seal, pampu kapena maburashi a mota n'kupatsira munthu wobwera, n'zinthu zokwana m'chikwama. Chofunika ndi model yonse ndi nambala ina yaitali ya pa sitika, chifukwa model imodzi imatuluka mitundu ingapo ya m'kati.

Bambo Twin Tub: Mlongo, lamulo limenelo lathera pa doko la kwanuko. Ndipo makina a mayiwa anafika zaka zitatu zapitazo ali akale kale, ndiye mwina anapangidwa lamulolo lisanayambe. China, lamulo lomwelo limalola kugulitsa bearing pamodzi ndi mgolo wonse ngati chinthu chimodzi. Mgolo ulowa m'chikwama cha ndani? Tikatero tabwerera pomwe ndinayambira.

Wamawaya: Tisasakanize matenda awiri. Phokoso la mwezi watha ndi nkhani ina, kuima ndi madzi m'kati kungakhale nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi kawirikawiri ndi yotchipa. Zilembo zija n'zimene zingatiuze. Kukanika kutaya madzi LG imalemba OE, Samsung 5E kapena 5C, Bosch E18, Hotpoint ndi Indesit F05. UE pa LG ndi Samsung ndi zovala zounjikana mbali imodzi. LE pa LG ndi mota yokanika kuzungulira, ndipo pa ma direct drive opanda lamba nthawi zambiri wolakwa ndi kasensa kakang'ono ka pa mota, si mota yonse. Mmisiri weniweni abwere ndi mita yoyezera magetsi. Pampu yamoyo imawerenga cha m'ma 150 mpaka 250 ohms. Elementi ya 2000 W pa 230 V iwerenge pafupifupi 26 ohms. Mota ya maburashi, akafupika kufika sentimita imodzi amasinthidwa onse awiri. Lamba ali ndi nambala pamsana, monga 1270 J5, mugule yomweyo. Pampu zambiri zimafanana m'mitundu yosiyanasiyana, chosiyana ndi chigoba chapulasitiki, ndiye mutha kusuntha mota ya pampu yokha ngati makilipi akugwirizana. Wongogwedeza dramu n'kulandira ndalama musamuitanenso.

Mphwanga wa ma bodi: Chomwe chimapha makina ambiri kuno ndi magetsi akamabwera atathima. Bodi imapsa, kenako munthu amauzidwa kuti agule yatsopano, yomwe pamitundu ina imafunanso kuikidwa pulogalamu ya model yakeyo isanagwire. Chonsecho chopsa chimakhala chimodzi kapena ziwiri: varistor ya polowera magetsi, capacitor yotupa, relay ya elementi, triac ya mota, kapena kachipu ka LNK304 ndi resistor yake pa ma bodi amene amakagwiritsa ntchito. Okonza ma TV amasintha zimenezi. Onaninso mphemvu ndi makoswe, mawaya odyedwa amanamiza ngati bodi yafa. Ikani choteteza magetsi cha 13 A chochedwetsa kuyatsa, musatenge kaja ka furiji kolembedwa 5 A, elementi ikayaka kapsa. Mukamaliza kuchapa zulani pulagi.

Bambo Twin Tub: Varistor, triac, pulogalamu. Zonsezi kuti munthu achape yunifolomu? Twin tub ilibe bodi. Ndatha ine.

Nachisale: Bambo, mayiwa ali ndi mapasa ndiponso amapita kuntchito. Twin tub imafuna munthu aimirire pompo, kuthira madzi, kusamutsa zovala zonyowa, kutsukuluza, kusamutsanso. Nayonso ili ndi matenda ake: rabala wa pansi pa chofinyira akang'ambika madzi amagwera pa mota yofinyira n'kuiwotcha, waya wa buleki umaduka, pulasitiki wake akakhala padzuwa amasweka. Musamangotchula zabwino zokha.

Mayi a mapasa: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Madzi tatulutsa, mu sefa tapezamo makobidi atatu, kawaya ka bra ndi sokosi ya mwana. Zilembo zija zachoka ndipo akutaya madzi, koma pofinya phokoso likadalipo. Ndauza alamu anga za mabulangete, akwiya, akuti akanena kwa achimwene awo. Makinawo ndi oyera, a 7 kg, ali ndi chopotokola chimodzi pakati. Sopo ndi yemwe timachapira pamanja, sindinkadziwa.

Wamawaya: Pampu yapulumuka, imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma mayi, oyera a 7 kg alipo mazanamazana. Sitika ija ndi chithunzi cha msoko wa mgolo, chonde. Pakadali pano tsitsani liwiro lofinyira kufika 600 kapena 800 ndipo muzichapa theka la katundu. Bearing ikaphwanyikiratu imadya shaft ndi chisa chake cha mu mgolo, pamenepo ngakhale mgolo womasuka sungakuthandizeninso.

Achimwene a ku Malangalanga: Poti mwapeza kawaya ka bra, unikani ndi tochi m'timabowo ta dramu muone ngati kanzake sikanatsalire pakati pa dramu ndi mgolo. Kameneko kamalira kwe kwe kwe mukazungulitsa ndi dzanja, bearing imalira mobangula ndipo imakula ndi liwiro. Ngati ndi waya, amachotsa elementi n'kukakoka ndi pulayala pabowo lomwelo. Mukajambula msoko mujambulenso pansi pa pulley.