Kodi kusamala madzi pakhomo kumathandizadi kanthu pamene paipi ya mumsewu ikungotaya?

NaPhiri wa ana atatu:

Abale, ndithandizeni maganizo. Mwezi wachinayi uno madzi akumangobwera pakati pa usiku, tsiku lina 1 koloko, tsiku lina 3 koloko. Ndimagona khutu lili kumpopi. Ukangoyamba kutsokomola ndimadzuka n'kudzaza mgolo ndi ndowa zisanu, kenako ndimabwerera kukagona mapazi atazizira. Ana ndinawaphunzitsa kutsuka mano ndi madzi a m'kapu, madzi otsukuluzira zovala timakolopera, otsalawo timathira kuchimbudzi. Dzulo wamng'ono, wa zaka zisanu, anabwera ndi timadzi totsala m'kapu n'kundifunsa kuti, "Amayi, awa ndiwasunge pati?" Misozi inalengeza m'maso.

Koma taonani, mumsewu mwathu paipi inaphulika, ndipo ino ndi sabata yachitatu madzi akuyenderera usiku wonse mpaka udzu wamera wobiriwira pamene paliponse pauma. Ndakanena kawiri kwa a bungwe la madzi, palibe wabwera. Bilu nayo sinatsike ngakhale pang'ono. Ndiye ndikufunsa, kudzimana konseku kuli ndi phindu, kapena ndikungozunza ana pachabe?

Bambo a Madalitso:

Mayi, ine ndine pulambala, ndipo mawu anu akuti bilu sinatsike ndi amene andigwira. Usiku madzi akabwera, mukamaliza kutunga, tsekani mipopi yonse n'kukayang'ana mita ndi tochi. Ikakhala kuti ikuzungulirabe, ndiye kuti pali pena pakudontha kumbali yanu, ndipo kawirikawiri mbava yake imakhala kathanki ka kuchimbudzi. Labala ya pansi pa kathankiko ikatha, madzi amatsetsereka mwakachetechete osamveka n'komwe, ndipo atha kupita malita mazana angapo pa tsiku. Kuyesa kwake n'kosavuta: donthezerani inki pang'ono m'kathankimo, musagejemule kwa mphindi 20. Mtundu ukaonekera m'munsimo, sinthani labalayo.

China, madzi akamabwerera m'mapaipi opanda kanthu amakankha mpweya patsogolo, ndipo mpweyawo umatha kuzungulitsa mita ngati ndi madzi. Kutsokomola kwa mpopi mukunenako ndi komweko. Mukakanenanso za paipi ya mumsewu, izinso muwafotokozere. Matanki akale amataya malita 9 kapena kuposa mukagejemula kamodzi, pamene atsopano amataya 6 kapena 3. Ngati lanu ndi lakale, ikanimo botolo lodzaza madzi, malinga lisatchinge kampira koyandama kaja.

Mlongo Tiya:

Achemwali, phindu lilipo, ndipo umboni wake ndi Cape Town. Mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, madamu monga Theewaterskloof anaphwa mpaka pansi pake kumaoneka mchenga ndi zitsa za mitengo. Kuyambira pa 1 February 2018 munthu aliyense analoledwa malita 50 okha pa tsiku. Akuluakulu a mzindawo anachenjeza kuti likafika tsiku lomwe ankalitcha Day Zero atseka mipopi, anthu azikaima pamzere kulandira malita 25. Tsikulo silinafike. Anthu ankasamba ataima m'beseni kuti madziwo akathire kuchimbudzi, monga mmene mukuchitira inuyo, ndipo mzinda wonse unachepetsa madzi ogwiritsa ntchito ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi chilala chisanayambe.

Koma ndinene chilungamo, sanali anthu a m'nyumba okha. Mzindawo unachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi kuti asamatayike kwambiri pamene pakudontha, unakonza mapaipi, ndipo alimi nawo anawadulira madzi othirira. Aliyense ananyamula mbali yake ya mtolo.

Kamwendo J.:

Ine ndisiyana nanu pang'ono. Zimandiwawa kuona mayi akuwerengera mwana madzi a m'kapu pamene madzi ambiri sathera m'nyumba ayi. Pa dziko lonse, pafupifupi malita 70 pa malita 100 alionse omwe anthu timapatutsa m'mitsinje, m'nyanja ndi pansi pa nthaka amapita ku ulimi. Nyanja ya Aral, ku Asia, inali imodzi mwa nyanja zinayi zikuluzikulu zozunguliridwa ndi mtunda pa dziko lapansi. Sinaphwe chifukwa cha anthu osamba nthawi yaitali. Kuyambira m'ma 1960 boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kukathirira thonje, ndipo lero zombo za asodzi zikuchita dzimbiri pamchenga. Ngalande zothirira zosawaka zimamwetsa nthaka madzi asanafike kumunda, ndipo kuthirira masana dzuwa likuswa mtengo ndi kupereka madzi kumphepo. Kuthirira modontheza pa tsinde la mbewu ndi kuphimbira nthaka kumapulumutsa madzi ochuluka kuposa makapu onse a m'nyumba mwanu.

Sindikuti musiye, mayi. Ndikuti musadziimbe mlandu, ndipo paipi ijayo musaigonere. Bungwe la United Nations linavomereza mu 2010 kuti madzi aukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Mukamakanena, simukupempha chifundo.

Agogo a Yamikani:

Mwana wanga, denga lanu ndi lotani? Ngati ndi la malata, muli ndi chitsime pamwamba pa mutu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imeneyo ndi lita imodzi. Denga langa ndi la mamita 10 kwa mamita 8, ndiye mvula ya mamilimita 20 imagwetsa malita 1,600, migolo isanu ndi itatu ya malita 200. Ena amatayika ndithu, koma otsalawo si ochepa. Oyamba aja muziwasiya apite kaye chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo mgolo muzivindikira bwino kuopa udzudzu. Akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala.

NaPhiri wa ana atatu:

Zikomo nonse. Bambo a Madalitso, ndayesa usiku wathawu. Ndinatseka mipopi yonse, ndinagwada pa mita ndi tochi ya foni, ndipo kagudumu kaja kankayenda pang'onopang'ono ngati nyerere. Ndinathira inki ya mwana wanga m'kathanki, ndipo mphindi khumi zisanakwane m'munsi monse munali mwa buluu. Ndinakhala pansi pomwepo. Miyezi yonseyi ndimadzuka 2 koloko kuteteza ndowa zisanu pamene chimbudzi changa chomwe chikumwa madzi kumbuyo kwanga. Pakali pano ndatseka kampopi kolowetsa madzi m'kathankimo mpaka labala itasinthidwa.

A Kamwendo, mawu anu ndawamva. Ndalankhula ndi amayi anzanga anayi a mumsewu mwathu, tajambula paipi ija pa foni masiku atatu osiyana, ndipo Lolemba m'mawa tikupita tonse limodzi ndi kalata yosainidwa ndi nyumba iliyonse. Agogo, mwamuna wanga wati Loweruka ayeza denga.