Nsabwe zadzaza kunsi kwa masamba a mbatatesi, nditani?

Wakadimba:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi mizere inayi ya mbatatesi kuseri kwa nyumba, yatha milungu 6 chimerereni. Dzulo ndikupalira ndinaona nsonga zakwinyika, nditatembenuza tsamba ndinapeza tinsabwe tobiriwira tili mbwee! Masamba akumata m'manja ngati athiridwa uchi, ena ayamba kuda ngati mwaye, nyerere nazo zikungokwera ndi kutsika tsiku lonse. Mankhwala ogula ndikuchita nawo mantha chifukwa ana amasewera pomwepo. Ndizule zonse kapena?

Mayi Wakhasu:
Musazule achimwene. Zomatazo ndi timadzi totsekemera tomwe nsabwe zimatulutsa zikamayamwa tsamba. Nyerere zimadzera timadzito, n'chifukwa chake zimaziteteza nsabwezo ngati ziweto zawo. Ine ndimasungunula supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi mu lita imodzi ya madzi n'kupopera madzulo dzuwa litazizira. Lozetsani kunsi kwa tsamba, popeza sopo amapha zokhazo zimene wazikhudza. Pakatha masiku 5 mubwereze, chifukwa tinthu timeneti timabereka tiana tamoyo popanda yaimuna, ndipo pakangotha sabata tianato nato tayamba kubereka. Sopo waufa wochapira zovala ayi, ine anandiwaulira mzere wathunthu. Yambani mwayesa pa masamba awiri kaye.

Mkulu Wakale:
Za sopozo n'zoona, koma ine chimandidetsa nkhawa si kuyamwako. Nsabwe zimanyamula mavairasi kuchoka pa chomera china kupita pa china, monga Potato virus Y ndi ina yopinda masamba. Mukaona phando lapinimbira, masamba apindikira m'mwamba n'kuuma gwa, kapena ali ndi mawangamawanga achikasu, limenelo ndiye zulani mukalitaye kutali, mankhwala ake palibe. Ndipo mbatatesi ya chaka chino idyeni, musasungeko mbewu, matendawo amatsikira m'mbatatesi momwemo. Kodi munathira feteleza wanji?

Wakadimba:
Zikomo nonse. Ndinathira yureya kawiri, ndinkafuna masamba achite kubiriwira. Komanso ndaona tizilombo tofiira ta madontho akuda, timeneti ndiphenso?

Mkulu Wakale:
Yureyayo ndiye waziitana, nsabwe zimakonda nsonga zanthete. Musathirenso. Tofiirato tisiyeni, timadya nsabwe, ndipo ana ake, otuwa motalika ngati tiabuluzi, ndiwo amadya kwambiri. Popopera sopo muzidumpha tsamba lomwe tateramo.