Kodi thanki ya kiyubiki mita 0.16 ingalowe oyilo wa ma quart 150?

Makaniko wa makina olima:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Ndikukonza makina ochokera ku America omwe thanki yawo ya oyilo wa hydraulic (oyilo wokankha ziwiya zonyamulira katundu) inabooka, ndipo owotcherera andipangira ina ya masentimita 80 mlitali, 50 mlifupi ndi 40 msinkhu, kutanthauza kiyubiki mita 0.16. Buku la malangizo likuti thankiyo imalowa ma quart 150 (quart ndi muyeso wa zamadzimadzi), osatchula malita. Kodi oyiloyu akwanamo?

Mphunzitsi wa zaumisiri:
Achimwene, yankho lagona pa mtundu wa quart umene bukulo likunena. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, choncho thanki yanu ndi ya malita 160. Quart ya ku America yoyezera zamadzimadzi ndi malita 0.946, ndipo m'kiyubiki mita imodzi mumalowa pafupifupi 1,057. Ya ku Britain, yochokera pa galoni imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1824, ndi malita 1.137, ndipo mumalowa 880 zokha. Mwa muyeso wa ku America thanki yanu ikulowa ma quart 169, koma mwa muyeso wa ku Britain ikulowa 141, ndipo oyilo angasefukire. Popeza makinawo ndi a ku America, ma quart 150 ndi malita 142.

Mmisiri wowotcherera:
Aphunzitsi awerengera bwino, koma ine nkhawa yanga ili pa tepi yoyezera. Bambo, miyesoyo ndi ya kunja kapena ya m'kati? Ngati ndi ya kunja ndipo chitsulocho ndi chochindikala mamilimita 5, mbali iliyonse ikutaya sentimita imodzi, ndipo m'kati mukutsala 79, 49 ndi 39. Zimenezi ndi kiyubiki mita 0.151, kapena kuti malita 151, ndiye pamwamba pa oyilo pangotsala malita 9. Mpata umenewu ndi wochepa kwambiri, chifukwa oyilo akatentha amafufuma, komanso masilinda a hydraulic akabwerera m'malo mwake amakankhira oyilo wambiri m'thanki, mpaka amatulukira pa kachibowo kopumira.

Makaniko wa makina olima:
Ndayezanso, ndipo miyesoyo ndi ya kunjadi. Ndaonanso tsamba lina m'bukumo pomwe alemba kuti injini imalowa ma quart 10 kapena malita 9.5, zomwe zikutsimikiza kuti muyeso wake ndi wa ku America.

Mmisiri wowotcherera:
Zikatero, abwezereni thankiyo akaonjezere msinkhu ndi masentimita 3, ngati malo pa makinawo akulola. M'kati mudzakhala malita pafupifupi 163, ndipo mpata udzapitirira malita 20. Oyilo mugule zigubu 8 za malita 20, popeza 7 zikupereweza malita 2, ndipo wotsalayo mudzaonjezera mapaipi ndi masilinda akadzaza mutaliza makinawo koyamba.