Mamendulo a agogo anga: anali kaputeni zoona?

MwanaWaKuKatete

Abale ndithandizeni. Titaika maliro a azakhali ku Chingwere mwezi watha, tinatsegula sutikesi yawo yachitsulo kunyumba ku Matero, n'kupezamo kachitini ka fodya kokulunga m'duku. Muli mamendulo atatu a malemu agogo aamuna. Awiri ndi nyenyezi za nsonga 6, ina yalembedwa The Africa Star, inayo The Burma Star. Yachitatu ndi yozungulira, ili ndi nkhope ya Mfumu George VI. Kumudzi aliyense ankawaitana kuti a Kaputeni, ndipo ine ndakula ndikudzitama nazo. Koma kumbuyo kwa mamendulowa kulibe dzina, ndiye amalume akuti n'zotola pa salaula. Zoona zimenezi?

Sajeni_Wopuma_Kabwata

Mwana wanga, amalume akowo akuphonya. Nyenyezi za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Angelezi ankazipereka zosalemba dzina, ndiye usadabwe. Africa Star ankapatsa amene anamenya nkhondo kumpoto kwa Africa, ku Somaliland ndi ku Ethiopia pakati pa 1940 ndi 1943. Burma Star ndi ya amene anakalimbana ndi a Japan. Munthu wokhala nazo zonse ziwiri anayenda, sanangolondera pageti.

Za ukaputeni ndikukhumudwitsa pang'ono. Mu Northern Rhodesia Regiment ya nthawi imeneyo maofisala anali azungu. Munthu wakuda ngakhale alimbe mtima bwanji ankathera pa usajeni kapena usajeni meja. Tinadikira mpaka 1970 kuti Kingsley Chinkuli, amene anaphunzira ku Sandhurst, sukulu ya maofisala a usilikali ku England, akhale m'Zambia woyamba kulamulira Zambia Army. Koma usapeputse sajeni, sindikunena chifukwa ndinali mmodzi ayi. Kamzungu kongofika kumene, chilankhulo sikadziwa, nkhalango sikadziwa, ukuganiza anyamata ankamvera ndani zipolopolo zikayamba kulira?

AmakeChisomo

Chonde achimwene musawapukute! Ine mamendulo a bambo anga ndinawakwecha ndi phulusa ndi ndimu ngati poto, kansalu kake ndinachapa ndi sopo, mitundu yonse inasuluka. Mpaka lero chimandiwawa.

Mphunzitsi_Chilenje

Ulendo wa agogo anu tikuuwerenga tsiku ndi tsiku pa zipata za makampu, kungoti sitidziwa. Tug Argan ya ku Ndola ndi dzina la malo ku British Somaliland pomwe anyamata athu anatsekereza Ataliyana mu Ogasiti 1940. Chindwin ya ku Kabwe ndi mtsinje wa ku Burma, Kalewa ndi tauni ya m'mbali mwa mtsinje womwewo, kumene asilikali a 11th East African Division anafika kumapeto kwa 1944 atadutsa chigwa cha Kabaw m'mvula ndi malungo. Arakan yathu ya muno mu Lusaka nayonso n'dera la ku Burma. Timakwera minibasi mu Burma Road osafunsa n'komwe kuti dzinalo linachokera kuti. Fufuzani bwino m'sutikesimo kabuku ka agogo anu kotulukira usilikali, nambala ndi udindo wawo zimalembedwa mmenemo.

MwanaWaKuKatete

Zikomo kwambiri a Sajeni ndi nonse. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake agogo ankakana mpunga ngakhale pa Khisimasi, ankati anaudya wokwanira moyo wonse. Ankatiuzanso za misundu yolowa m'majombo, ife n'kumaseka poyesa nthano. Amake Chisomo mwandipeza ndimu ndagula kale, ndingoika mu tiyi. Kabuku ndikafunsa Loweruka, sutikesi anaitenga amalume omwewo.