Dzanja likuwawa chifukwa cha mouse: ndigule vertical kapena trackball?

Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaswera pa kompyuta, makamaka amene munasinthapo mouse chifukwa cha ululu wa dzanja.

Ine ndimapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi maposita pa kashopu kena ku Lilongwe. Tsiku lonse dzanja lamanja limakhala pa mouse mu CorelDRAW ndi Photoshop, kudula zithunzi motsata tsitsi ndi mphepete mwa zovala, chala chili chopanikiza batani kwinaku ndikukoka. Nyengo ya maukwati ikafika ndiye kupuma kulibe. Pano dzanja layamba kukana. Ululu uli pamfundo pomwe timamanga wotchi, mbali ya chala chachikulu, ndipo ndikamafinya zovala pochapa kapena kunyamula ketulo umathamangira mpaka pakati pa mkono. Usiku ndimadzidzimuka chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati zili dzanzi, mpaka ndikutumule dzanja ndiye zitsitsimuke. Chaching'ono chokha ndiye chilibe vuto.

Kuchipatala ndinapita. Anandiuza kuti zala zitatuzo zimadalira mtsempha wotchedwa median, womwe umadutsa pakampata kothina mkati mwa mfundo ya dzanja, ndipo ukafinyika ndiye matenda aja amati carpal tunnel syndrome. Anandipatsa chomangira dzanja choti ndizigona nacho kuti lisamapindike kutulo, nati ndisinthe kagwiridwe ka ntchito. Ntchitoyo sindingaisiye, fizi ya ana imachokera pomwepo. N'chifukwa chake ndikufuna kusintha mouse.

Ndaona kuti mouse wamba imakakamiza chikhato kuyang'ana pansi, mafupa awiri a mkono n'kupingasana. Vertical imaimiritsa dzanja ngati mukupatsa munthu moni. Logitech ili ndi MX Vertical ya 2018, yopendekeka madigiri 57, yotchaja pa USB-C, komanso Lift ya 2022 yopangidwira manja aang'ono ndi apakati, yoyendera batire limodzi la AA. Trackball ndiye siyenda n'komwe pa tebulo, mumangozunguza kampira. Imodzi mwa zodziwika ndi M575, koma kampira kake amakazunguza ndi chala chachikulu, chomwe kwa ine ndi chodwala kale. Apa ndi pamene mutu waima.

Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi ndipo wavomera kundigulira. Ndalama ndi yogulira chimodzi basi, ndipo chikafika kuno sindingachibweze. Ndiye ndigule chiti, choti ululu uchepe koma ndizithabe kudula chithunzi bwinobwino?

Woyankha woyamba:
Pepani achemwali. Tayesani izi: pindani chala chachikulu m'chikhato, muchiphimbe ndi zala zinazo, kenako weramitsani dzanja pang'onopang'ono cha kumbali ya chala chaching'ono. Mukamva kubaya pamfundo mbali ya chala chachikulu, mukawauze achipatala aja, chifukwa mwina pali vuto lachiwiri la minyewa yokoka chalacho, lomwe amati De Quervain. Limeneli ndi losiyana ndi dzanzi la usiku lija, ngakhale munthu mmodzi atha kukhala ndi onse awiri. Ngati zili choncho, M575 ndi MX Ergo (trackball ina yozunguzanso ndi chala chachikulu) muziiwale kaye, chifukwa ntchito yonse idzagwera chala chomwe chikufunika kupuma. Komanso dzanzi likayamba kukhalitsa mpaka masana, kapena mukayamba kugwetsa makapu, bwererani kuchipatala msanga. Mouse siichiza mtsempha wofinyika, imangochepetsa kuupweteka.

Woyankha wachiwiri:
Ine ndimagwiritsa ntchito vertical ndipo mkono unasiya kuphwanya, koma pali chinthu chimodzi chomwe otsatsa malonda sanena. Mukadina batani pa vertical mumakankhira cham'mbali, osati pansi, ndiye chala chachikulu chimayenera kutsamiza mbali inayo kuti mouse isasunthe. Pongotsegula mafayilo si nkhani. Koma inu mumakoka batani lili chidinire, ndiye chalacho chizikhala chomangika nthawi yaitali. Mukasankhabe vertical, yang'anani kukula kwa dzanja lanu. MX Vertical ndi yaikulu, mkazi wanga zala zake sizifika bwino pa mabatani, mpaka amachita kukwezera dzanja m'mwamba. Lift ndiye inamukwana.

Woyankha wachitatu:
Mayi, pali ma trackball oyendetsa ndi zala zapakati, osati chachikulu. Yanga ndi Kensington Expert Mouse. Kampira kake ndi kakakulu, mamilimita 55, kali pakati, ndipo kazunguliridwa ndi lamba wopukusa potsitsa kapena kukweza tsamba. Imalola dzanja lililonse, ndiye lamanja likatopa ndimangoisuntha kupita kumanzere. Mabatani ake anayi mutha kuwapatsa ntchito zomwe mukufuna, kuphatikizapo kuti limodzi lizigwira chinthu chidinire inu mukungozunguza kampira. Zovuta zake ndi ziwiri. Masabata oyamba ntchito imachedwa ndithu, ndiye musaiyambe makasitomala ali pamzere. Chachiwiri ndi fumbi. Mwezi wa Okutobala kuno kampira kamayamba kulimba, muyenera kukazula n'kupukuta timikanda titatu tomwe kamakhalapo. Dziwaninso kuti ndi yokwera cha kutsogolo, ndiye popanda kotsamira kake dzanja limapindikira m'mwamba, zomwe si zabwino kwa mtsempha wanuwo.

Woyankha wachinayi:
Musanawononge ndalama, taonani tebulo. M'mashopu ambiri kompyuta imakhala pa kauntala yaitali, munthu ali pa mpando wapulasitiki, mfundo ya dzanja itakanirira pakona ya thabwa. Chigongono chizikhala pafupi ndi nthiti, mkono utagona mopingasa molingana ndi tebulo. Ndipo pa ntchito yodula zithunzi ambiri timagwiritsa ntchito cholembera cha pa kompyuta cholowa m'malo mwa mouse, cha kampani ya Wacom kapena Huion, ngakhale kwa inu chingavutenso poti cholembera chimagwiridwa ndi chala chachikulu chomwecho.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Achimwene oyamba aja, ndayesa ndipo chabaya kwambiri, ndiye Lolemba ndibwerera kuchipatala kukawafotokozera. Kauntala yathu ndi yaitalidi, ndapempha kale mpando wokwera. M575 ndaichotsa m'maganizo, ndipo mtima wapendekera ku Kensington chifukwa choti ndingagwiritse ntchito dzanja lamanzere. Achimwene a Kensington, tandiuzani: mumatha kudula nayo chithunzi motsata tsitsi mu Photoshop, kapena pa ntchito yotere mumabwerera ku mouse wamba? Mlamu akufuna ndimuyankhe Lachisanu lisanafike.