Boneti kutentha chonchi galimoto isanalizidwe, ndi dzuwa lokha?

Kadzidzi:
Abale ndithandizeni maganizo. Galimoto yanga ndi yakuda, dzulo ndinaiimika panja kuyambira m'mawa osailiza ngakhale kamodzi, ndiye cha m'ma 1 koloko ndapita kukatengamo chaja, foni n'kulira, ine n'kungotsamira pa boneti ndi mkono uku ndikuyankha, eee ndinalumpha ngati andiluma mavu. Mpaka pano pakuwawabe. Kodi dzuwa lokha lingatenthetse chitsulo mpaka pamenepa kapena pali chomwe chikupsa mkatimo, mwina mawaya kapena batire? Ndipo kwenikweni boneti imafika madigiri angati?

Spanala17:
Achimwene mtima m'malo, ndi dzuwa basi limenelo. Likakhala paliwombo kunja kulibe mitambo, malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi amalandira mphamvu pafupifupi mawati 1000, ndiye boneti ija yangogona chagada kuyang'ana kumwamba, ikulandira zonsezo kwa maola angapo popanda kamphepo koiziziritsa. Penti yakuda imamwa pafupifupi kuwala konse, kuposa 90 peresenti, pomwe yoyera imabweza kwambiri. N'chifukwa chake tsiku lotentha boneti yakuda imatha kufika madigiri 70 mpaka 80, yoyera imathera cha m'ma 50 umu. Zonse zili padzuwa limodzi lomwelo, kusiyana ndi mtundu basi.

Mukafuna kutsimikiza chitani izi, mawa nthawi ngati yomweyo musanalize, tsegulani boneti mugwire paipi yaikulu ija yochokera ku rediyeta. Mupeza ndi yofunda chabe. Mugwirenso chitseko cha mbali yomwe kuli mthunzi. Chikanakhala kuti chikupsa ndi waya bwenzi mukumva fungo la pulasitiki ndipo batire bwenzi itatha kale moto. Koma izi muchite injini isanalire, ikangoyenda madzi ake amakhala cha m'ma 90 kupita m'mwamba, osaigwira.

Mjomba_wa_mafunso:
Ndiye ngati ikufika 80 tingokazingirapo dzira bwanji kkkk, nkhani imeneyi ndimaimva kuyambira kalekale koma sindinaonepo wina atadya

Spanala17:
Simudzamuona aise. Choyera cha dzira chimayamba kugwirana cha pa madigiri 62 mpaka 65, chikasu chimafuna 65 mpaka 70, ndiye ukangoona manambala ukhoza kuganiza kuti zitheka. Vuto chitsulo cha boneti n'chopyapyala, sichikwana ngakhale milimita imodzi, kutentha komwe chasunga ndi kochepa zedi. Ukaswerapo dzira lozizira limayamwa kutentha konseko nthawi yomweyo, kenako lomwelo laphimba pamalopo dzuwa silikufikanso pa penti, pansi palibe moto wobwezeretsa ngati pa chiwaya. Limangouma m'mbalimu pakati pali lendelende. Ndipo dzira limadya penti, mudzalira pochapa.

Nachisale_T:
Ine chomwe chimandidabwitsa n'choti bampala ya pulasitiki ndi yakudanso, ili padzuwa pomwepo, koma ukaigwira siotcha ngati boneti. Bwanji?

Mphunzitsi_wopuma:
Mayi, funso labwino limenelo. Zinthu ziwiri zitha kukhala pa madigiri ofanana koma chitsulo chimapatsira kutentha pakhungu mwachangu kwambiri, pulasitiki imachedwa, pomwe mwagwirapo pamazizira msanga kutentha kwina kusanafike. Khungu la munthu limayamba kumva kuwawa cha pa madigiri 45, chitsulo chikapitirira 60 masekondi ochepa okha akukwana kuti mupse. A Kadzidzi munapulumuka chifukwa munalumpha msanga, mwana wamng'ono khungu lake ndi lopyapyala komanso amachedwa kuchotsa dzanja, ndiye zomukhazika mwana pa boneti kuti mumujambule masana zija ayi ndithu.

Koma ine boneti sindiiopa kwambiri, ndimaopa mkati. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, ofufuza a ku Arizona State University ku America anaimika magalimoto padzuwa kwa ola limodzi, masiku oti kunja kunkapitirira madigiri 38. Mpweya wa mkati unafika pafupifupi 47, chiwongolero 53, mipando 51, dashibodi 69. Ngakhale omwe anali pamthunzi mkati munafika cha pa 38. Ola limodzi lokha. Boneti imazizira mukangoyamba kuyenda mphepo ikaiwomba, koma mkati magalasi amalowetsa dzuwa n'kutsekera kutentha momwemo.

Nachisale_T:
Zoona bambo, kachitsulo ka lamba wa pampando kaja kanandiwotchapo pa ntchafu sindidzaiwala. Komanso osachapa boneti ikadali yotentha, ine ndinayesa sopo anaumira pompo ndisanatsukuluze, madontho ake anandivuta kuchotsa sabata yonse.

Kadzidzi:
Ndabwera ndi lipoti. Lero ndachita zomwe ananena a Spanala, paipi ya rediyeta yofunda pang'ono chabe, chitseko cha kumthunzi ndinachigwira bwinobwino mpaka kuwerenga 20, koma pamwamba pa boneti ndinangogunda ndi chala n'kuchotsa. Pafupi panali ya mnzanga yoyera, imeneyo ndinatha kuikapo chikhatho kwa kanthawi ndithu. Batire ilinso bwino, yalira kamodzi. Za dzirazo a Mjomba mukayesere pa yanu.